Funsani a Zaumoyo: Zochita Munthu Akamataya Magazi Ambiri

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa chinthu chimodzi: munthu wavulala, magazi ali chuchuchu, chipatala chili kutali, tichite chiyani? Tasankhapo angapo, ena tawafupikitsa. Tisanayambe kuyankha, dziwani kuti munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5 okha, ndipo akataya malita 2 moyo umakhala uli pachiswe. Mtsempha waukulu wa m'ntchafu ukaduka, magazi amenewo atha kutayika mphindi 5 zisanakwane. Palibe ambulansi imene ingafike msanga chotero, ndiye ntchitoyi imagwera amene ali pafupi.

Funso: Ndine wakabaza. Pa siteji yathu mnzathu anachekeka ntchafu ndi chitsulo cha njinga. Tonse tinabalalika, wina akuthira madzi pabala, wina akuthamangira galimoto. Choyambirira n'chiyani? *Wakabaza, Lunzu*

Yankho: Achimwene, madzi ndi galimoto zibwere pambuyo. Choyamba n'kukanikiza pabalapo mwamphamvu, nthawi yomweyo.

Wina aimitse magalimoto kuti nanunso musagundidwe, ndipo injini ya njinga izimitsidwe. Mugonekeni pansi wovulalayo, ng'ambani thalauzalo kuti bala lioneke. Anthu ambiri amakanikiza pamwamba pa chovala, pamene paoneka pofiira. Koma magazi amayenderera m'nsalu, ndipo pamene panyowa kwambiri nthawi zina si pamene pali bala. Mukakanikiza pambali, magazi amangopitiriza kutuluka pansi pa dzanja lanu.

Tengani nsalu iliyonse imene ili pafupi, kaya malaya, chitenje kapena duku. Yoyera ndiyo yabwino, koma musataye mphindi kufunafuna yoyera. Matenda olowa pabala achipatala adzawachiza mawa, pamene magazi otayika pamsewu sabwereranso. Ipindeni ikule ngati chikhatho, iikeni penipeni pamene magazi akutulukira, ndipo sanjikizani manja onse awiri pamwamba pake. Gwadani, wongolani zigongono, tsamirani ndi thupi lonse. Mphamvu ichokere m'mapewa ndi kulemera kwa thupi lanu, chifukwa zala zokha zimatopa msanga. Chimene mukuchita apa n'kupanikiza mtsempha wodukawo ku fupa mpaka utatsekeka. Wovulalayo adzakuwa, mwina adzakutukwanani. Muuzeni kuti mukudziwa kuti zikupweteka koma simusiya.

Khalani choncho mphindi 10 zowerenga pa wotchi kapena pa foni, osati zongoganizira, pakuti pangozi mphindi imodzi imaoneka ngati zisanu. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Pakangopita kanthawi amatukula nsalu kuti aone ngati magazi asiya. Magazi akamaundana amayamba n'kakhungu kofewa ngati ka pamwamba pa phala lozizira, ndipo kusuzumira kulikonse kumakang'amba, ntchito n'kuyambiranso. Madzi amene mnzanuyo ankathira amachitanso chimodzimodzi, amakokolola magazi amene ayamba kugwirana.

Mukatopa, mnzanu aike manja ake pamwamba pa anu, inu musolole anuwo pang'onopang'ono mphamvu isanachepe. Pantchafu ya munthu wamkulu, bondo lanu litha kugwira ntchito ya manja. Pagulu musangofuula kuti wina athandize, chifukwa aliyense amayang'ana mnzake. Lozani munthu mmodzi: inu a malaya ofiira pezani galimoto, inu mayi bweretsani chitenje.

Magazi akasiya, musachotse nsalu ija. Imangireni pomwepo ndi bandeji kapena chitenje chong'amba m'litali, mokoka ndithu, mfundo ikhale pamwamba pa bala. Kenako onani zala za kuphazi. Zikazizira, kuda kapena kuchita dzanzi, mwathinitsa kwambiri, masulani pang'ono dzanja lina likukanikizabe pabala.

Funso: Kusukulu kwathu ana amadzicheka pafupifupi tsiku lililonse. Ndingadziwe bwanji bala loti n'kuthamanga nalo ndi bala wamba? *Mphunzitsi wa pulayimale, Dedza*

Yankho: Aphunzitsi, musayang'ane kukula kwa bala, yang'anani mmene magazi akutulukira. Bala laling'ono la msomali kapena mpeni litha kuboola mtsempha waukulu, pamene bala lalikulu longosupuka khungu pabondo limangochucha n'kusiya lokha.

Oopsa ndi magazi otuluka motumpha, mogwirizana ndi kugunda kwa mtima. Oopsanso ndi oyenderera osalekeza ngati mpopi wosatseka bwino, ngakhale akhale akuderako, komanso onyowetsa nsalu imodzi n'kulowerera yachiwiri. Akadikha pansi okwana theka la botolo la Fanta ndipo akutulukabe, musadikirenso.

Kwa ana muyeso ndi wochepa kwambiri. Mwana amakhala ndi magazi pafupifupi mamililita 80 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, choncho wa makilogalamu 20 ali ndi pafupifupi lita imodzi ndi theka. Akataya odzaza botolo limodzi la mamililita 300, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu lapita. Chovuta n'chakuti mwana amaoneka wolimba nthawi yaitali, akulankhula bwinobwino, kenako n'kufooka kamodzin'kamodzi. Dothi la pabwalo nalonso limamwa magazi, ndipo yunifolomu yakuda imawabisa, choncho zimene mukuona pansi n'zochepa kuyerekeza ndi zimene zatayika. Onani zikhatho, milomo ndi mkati mwa chikope cham'munsi. Zikayera mbuu, thupi lili zii koma thukuta likutuluka, mwana akupuma wefuwefu kapena akuodzera, nyamukani.

Bala la pamutu limatulutsa magazi ambiri moopseza chifukwa khungu la pamenepo lili ndi timitsempha tambiri, koma limamvera kukanikiza. Pokhapo mukamva kuti fupa lalowa kapena likufewa pansi pa zala, kanikizani m'mphepete mwa bala, osati pakati.

Funso: Bambo a kunyumba anadzitema ndi nkhwangwa pamwamba pa ntchafu, bala lakuya. Ndinkangosanjikiza nsalu koma zonse zinkanyowa. Ndinalakwitsa pati? *Mayi, Ntchisi*

Yankho: Mayi, munachita bwino kusathawa ndi kusasiya. Vuto linali kuya kwa balalo. Mtsempha woduka unali pansi penipeni, ndipo mphamvu ya manja anu inkathera pamwamba. Nsalu yoyamba ikanyowa n'zoona kuti timasanjikiza ina osachotsa yoyambayo. Koma yachiwiri ikanyowanso msanga, ndiye kuti simukukanikiza pamene pakutuluka magazi. Mulu wa nsalu umangomwa magazi ngati siponji, n'kumwaza mphamvu ya dzanja, munthu akutha inu musakuona.

Bala lakuya limafunika kulitsendera nsalu mkati. Chotsani mulu uja, pukutani magazi odikha kamodzi kokha kuti muone pamene akuchokera. Lowetsani chala mpaka pamenepo n'kukanikiza. Ndi dzanja linalo, yambani kulowetsa nsonga ya bandeji kapena ya nsalu yoyera yong'amba m'litali, pang'onopang'ono, chala chimodzi chikukanikiza pamene china chikukankhira nsalu, ngati mukutsendera fodya m'thumba. Yambirani pansi pa bala, pitirizani mpaka litadzaza nsalu n'kutundumuka pamwamba pa khungu. Mudzadabwa kuchuluka kwa nsalu imene ingalowe. Likadzaza, kanikizani pamwamba ndi manja awiri mphindi 10 monga tafotokozera, kenako mangani.

Gwiritsani nsalu imodzi yaitali, nsonga yake itsale kunja, kuti achipatala adzaichotse yonse. Tizidutswa timatsalira mkati n'kuwoletsa bala. Thonje ndi mapepala a kuchimbudzi musaikemo, zimanyenyeka. Mukaika nsalu zingapo, werengani ndipo mukanene kuchipatala.

Njira imeneyi ndiyo yothandiza m'malo amene simungamange chozungulira: m'mphechepeche, m'khwapa, pathako, paphewa. Pakhosi kanikizani mbali yovulalayo yokha, osakanikiza kholingo, ndipo musazungulize bandeji pakhosi. Koma m'chifuwa ndi m'mimba musatsenderemo nsalu. Mmenemo muli mphako yaikulu, nsaluyo singafike pamene magazi akuchokera, ingawonongenso mapapo kapena matumbo.

Funso: Kwathu munthu akavulala mwendo kapena mkono timamanga legeni kapena chingwe kumtunda kwa bala. Ena akuti zimenezi zimadulitsa mwendo. Zoona n'ziti? *Mlimi, Chikwawa*

Yankho: Bambo, mbali zonse ziwiri zili ndi choona, ndipo funso lanu tikhalapo pang'ono chifukwa apa pamawonongeka zambiri.

Kumanga kumtunda kwa bala kuti magazi asadutse, chimene achipatala amachitcha tourniquet, kumapulumutsa moyo. Kale aphunzitsi a chithandizo choyamba ankakuopa kwambiri, koma zimene madokotala a asilikali anaona pa nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan zinasintha maphunzitsidwe: ovulala amene anamangidwa msanga ndiponso moyenera ankapulumuka, ndipo miyendo yambiri sinkawonongeka. Komabe si bala lililonse lofunika kutero. Mangani ngati mkono kapena mwendo waduka kapena waphwanyika, monga pa lamba wa chigayo kapena ng'ona ikaluma. Pamene mwakanikiza ndi kutsendera nsalu koma magazi akutumphabe. Kapena pamene ovulala ndi ambiri ndipo manja anu akufunika kwina.

Legeni, waya, chingwe cha nayiloni ndi zingwe za nsapato ayi. N'zopyapyala, zimacheka khungu ndi kuphwanya minyewa imene imayendetsa dzanja kapena phazi. Choipa koposa n'chakuti nthawi zambiri sizithina mokwanira. Mitsempha yobweza magazi kumtima ndi yofewa ndipo ili pafupi ndi khungu, pamene yobweretsa magazi kuchokera kumtima ndi yolimba ndipo ili mkati. Mukamanga mwa theka, mumatseka njira yobwerera yokha, yobweretsa ili chitsegukire. Magazi amalowa m'mwendo, amasowa kobwerera, ndiye amatulukira pabala kuposa poyamba. Lamba wa thalauza amalepheranso pa chifukwa chomwecho, simungamukoke ndi manja mpaka kutseka mtsempha wa m'ntchafu.

Mangani motere. Ng'ambani chitenje kapena tengani duku, mupinde m'litali kuti m'lifupi mukhale masentimita 5, ngati zala zitatu. Ikani masentimita 5 mpaka 7 kumtunda kwa bala, mbali ya kumtima. Pabondo kapena pachigongono osamangapo, chifukwa mafupa amatchinga mtsempha. Bala likakhala pafupi ndi pamenepo, kwerani kumtunda kwake. Chotsani foni ndi makiyi m'thumba. Zungulizani nsaluyo kawiri mokoka, mangani mfundo imodzi, ikani chopotokolera pamwamba pa mfundoyo, mangani mfundo ziwiri pamwamba pake. Chopotokolera chikhale cholimba, chotalika ngati chikhatho ndi zala: sipanala, supuni yachitsulo, mthiko wolimba, kapena kamtengo kakakulu ngati chala chachikulu. Bolopeni, bango ndi nthambi youma zimathyoka pamene mukuzifuna kwambiri. Potokolani mpaka magazi atasiya kutuluka, osati mpaka wovulala atakuwa. Adzakuwa ndithu, ndipo ululuwo si chizindikiro choti mwalakwitsa. Kenako mangirirani nsonga ya chopotokoleracho ku mwendo ndi nsalu ina kuti chisabwerere. Nthawi yonseyi mnzanu akhale akukanikizabe pabala. Magazi akapanda kusiya, musamasule choyambacho, mangani chachiwiri moyandikana nacho chakumtunda.

Lembani nthawi imene mwamanga, pamphumi pa wovulalayo kapena pakhungu pafupi ndi chomangiracho, ndipo musachiphimbe ndi bulangete. Mkati mwa maola 2 chiwalo kawirikawiri chimachira bwinobwino. Akapitirira pamenepo minofu imayamba kuwonongeka, ndipo pofika maola 6 nthawi zambiri chiwalocho sichipulumuka. Kwa ife amene maulendo a kuchipatala amatalika, izi zikutanthauza zinthu ziwiri: musamange pabala loti likanasiya ndi kukanikiza, ndipo mukamanga thamangirani kuchipatala chilichonse chapafupi, ngakhale chaching'ono, kuti wodziwa aone ngati angachichotse n'kuika bandeji yothina. Zomamasula mphindi 15 zilizonse kuti mwendo upume ndi chiphunzitso chakale chimene chinasiyidwa. Kumasula kulikonse munthu amataya magazi ena, ndipo ena amafera pamenepo. Mukamanga, womasula ndi wachipatala.

Popeza muli ku Chikwawa tiwonjezere ichi: zonsezi n'za magazi. Munthu akalumidwa ndi njoka musamange chothina chotere. Ululu wa mphiri ndi njoka zina zotupitsa umaunjikana pamalo amodzi n'kuwoletsa chiwalo.

Funso: Agogo amatiuza kuthira dothi, phulusa, mchere kapena masamba osinja pabala kuti magazi asiye. Ena amapaka mankhwala otsukira mano. Zimathandiza? *Mtsikana, Mangochi*

Yankho: Achemwali, agogo amanena zimene anaona: anathira phulusa, magazi n'kusiya. Koma bala limenelo linali laling'ono, likanasiya lokha, ndipo chimene chinathandiza ndi dzanja limene linagwira phulusalo pabala. Pamtsempha waukulu phulusa limangokokoloka.

Dothi ndi ndowe ndiye zoopsa zedi. Mmenemo mumakhala tizilombo toyambitsa kafumbata, ndipo timaswana bwino m'bala lakuya, lakuda, lopanda mpweya. Matendawa amaonekera pakapita masiku 3 mpaka 21: nsagwada zimauma, thupi limakungika, ndipo ambiri odwala samachira. Mchere, parafini, mafuta a mabuleki, ufa wa m'batire ndi mankhwala otsukira mano zimapsereza mnofu, ndipo dokotala amayamba wazipala asanasoke, bala n'kukula. Aliyense wovulala ndi chikwanje, khasu, msomali kapena lata akafunse za jakisoni wa kafumbata tsiku lomwelo, ngakhale magazi atasiya.

Funso: Nanga ngati mpeni kapena galasi latsala m'thupi? Tizule? *Mlonda, Limbe*

Yankho: Musazule, bambo. Chinthucho chatseka chibowo chimene chaboola, ngati chitsekerero cha botolo, ndipo pochizula chimachekanso kachiwiri. Pindani nsalu ziwiri zokhuthala, ikani uku ndi uku kwa mpeniwo, kanikizani m'mbalimo molozetsa kubala, kenako mangani bandeji modutsa m'mbali kuti chinthucho chisagwedezeke paulendo.

Pa ntchito yanu mutha kukumana ndi mabala ena awiri. Bala la pachifuwa limene likuchita thovu kapena kumveka mpweya munthu akamapuma, musalitseke nganganga ndi pulasitiki mbali zonse, chifukwa mpweya ukatsekeredwa mkati umapanikiza mapapo ndi mtima. Letsani magazi a pakhungu pokanikiza m'mphepete, mukhazikeni motsamira ngati akupuma bwino atakhala, ndipo fulumirani. Matumbo akatuluka, musawabwezere mkati. Aphimbeni ndi pulasitiki yoyera kapena nsalu yoyera yonyowa, mugonekeni chagada mawondo atapinda.

Chala kapena dzanja likaduka, yambani mwaletsa magazi pa munthuyo. Chodukacho chikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa pang'ono, ikani m'jumbo n'kumanga, jumboyo muiike m'madzi ozizira kapena a ayezi. Chisakhudzane ndi ayezi mwachindunji, chimawonongeka.

Funso: Mchimwene wanga atagundidwa ndi galimoto ankapempha madzi kwambiri. Anthu ena anati timupatse Fanta abwezere mphamvu, ena anakaniza. Komanso analibe bala lalikulu koma kuchipatala anati wataya magazi ambiri. Zinatheka bwanji? *Wophunzira, Mzuzu*

Yankho: Amene anakaniza ananena zoona. Ludzu lotero ndi chizindikiro choti magazi achepa m'thupi. Koma munthu wotero atha kusanza n'kutsamwa, ndipo mwina akufunika opaleshoni, imene imafuna m'mimba mopanda kanthu. Mungonyowetsa milomo yake ndi nsalu. Pokhapo ngati ulendo uli wa maola ambiri, bala lili pamkono kapena pamwendo, magazi asiya, ndipo munthuyo ali maso bwinobwino, mutha kumamupatsa Thanzi pang'onopang'ono. Mowa ayi. Aspirin, brufen ndi diclofenac ayinso, chifukwa amachedwetsa kuundana kwa magazi.

Magazi a mchimwene wanu anatayikira mkati. Fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposa imatha kudikha m'minofu, ntchafu n'kungotupa. Mafupa a m'chiuno akasweka, kapena kapamba ndi chiwindi zikang'ambika, m'mimba mumalowa magazi ochuluka kuposa pamenepo, kunja kulibe ngakhale dontho. Zizindikiro zake ndi zomwe zija: kuyera mbuu, thukuta lozizira, mtima kuthamanga kupitirira ka 100 pa mphindi, ludzu, kubalalika kapena kulankhula zosamveka. Anthu amatha kumuyesa woledzera. Mimba ikamauma ndi kupweteka, kapena magazi akaoneka mumkodzo kapena m'masanzi, musayembekeze kuti kuche.

Magazi a mkati simungawaletse ndi manja, koma pali zochita. Mugonekeni chagada, osamuimiritsa kapena kumukhazika kuti aoneke wamphamvu. Mufunditseni pamwamba ndi pansi pomwe, ngakhale kuli dzuwa, chifukwa thupi likazizira magazi saundana bwino. Akamadandaula m'chiuno ndipo sangathe kusuntha miyendo, pindani chitenje m'litali, chilowetseni pansi pake, mumange mothina pamene mafupa a ntchafu amatundumukira m'mbali. Malo ake ndi m'munsi mwa pamene timamanga lamba, ndipo ambiri amalakwitsa pomanga m'mwamba. Manganinso akakolo onse awiri pamodzi. Munyamuleni pa chitseko kapena thabwa, anthu anayi kapena asanu, mmodzi atagwira mutu kuti khosi lisapotoke. Akakomoka koma akupuma, mugonekeni cham'mbali mutu ndi thupi zikutembenukira pamodzi.

Musazengereze ndi mikangano ya amene walakwa, ndipo za kupolisi wina atha kutsala akulongosola. Pali mankhwala otchedwa tranexamic acid amene amathandiza kuti magazi oundana asasungunuke. Kafukufuku wa CRASH-2, wa anthu ovulala oposa 20,000 m'mayiko 40, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anaonetsa kuti amachepetsa imfa, ndipo zinadziwika kuti amathandiza akaperekedwa mkati mwa maola 3 chivulalire. Ndiye mukafika, uzani namwino nthawi imene ngozi inachitika.

Funso: Ndimafuna kuthandiza koma ndimaopa kutenga HIV pogwira magazi a munthu wosamudziwa. *Wogulitsa mumsika, Kasungu*

Yankho: Mantha anuwo ndi omveka, mayi, ndipo si HIV yokha, palinso matenda a chiwindi a hepatitis B. Koma khungu lopanda chilonda ndi chotchinga chabwino. Ngati mulibe magolovesi, valani majumbo awiri kudzanja lililonse, ndipo mumsika sasowa. Nsalu yokhuthala pakati pa dzanja ndi bala imathandizanso. Wovulalayo akakhala ndi mphamvu, muuzeni akanikize yekha pamene inu mukuvala. Mukatha sambani ndi sopo ndi madzi ambiri. Magazi akakugwerani m'maso, m'kamwa kapena pachilonda, tsukani nthawi yomweyo, mupite kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse za PEP, mankhwala oteteza munthu kuti asatenge HIV atakhudzana nayo. Mankhwalawa amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, bwino koposa m'maola oyambirira, ndipo amamwedwa masiku 28.

Funso: Mlamu wanga anachirira panjira tikupita kuchipatala, kenako anayamba kutaya magazi kwambiri. Mwamwayi tinafika. Tikanachita chiyani m'galimotomo? *Mayi, Mulanje*

Yankho: Mayi, kutaya magazi pambuyo pochira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ambiri pa uchembere, ndipo kumafulumira. Achipatala amati mayi wataya magazi mopitirira muyeso akafika theka la lita. Panjira simungayeze, ndiye gwiritsani muyeso uwu: nsalu kapena padi ikanyoweratu mphindi 5 zisanathe, kapena magazi akamawonjezeka m'malo mochepa, ndi ngozi.

Kawirikawiri gwero lake ndi chiberekero chimene chalephera kukungika. Nsengwa ikachoka imasiya mitsempha yotseguka, ndipo chimene chimaitseka ndi kukungika kwa chiberekerocho. Ikani dzanja pamimba chakumunsi kwa mchombo. Chiberekero chabwino chimamveka cholimba, chozungulira ngati lalanje lalikulu. Chikamveka chofewa, chisisiteni mozungulira ndi mphamvu mpaka chitalimba. Zimapweteka ndipo zibuma za magazi zimatuluka, koma musasiye. Chioneninso pafupipafupi, chikafewa bwerezani. Muuzeni mayiyo akodze pomwepo, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimalepheretsa chiberekero kukungika. Ikani mwana kubere, kuyamwa kumathandiza. Ngati pang'ambika pooneka kunja, kanikizani ndi nsalu yoyera, koma musalowetse nsalu kapena mankhwala azitsamba kunjira ya mwana. Nsengwa ikachedwa musakoke chingwe, chitha kuduka kapena kutembenuza chiberekero. Ikatuluka itengeni m'jumbo, pamodzi ndi nsalu zonse zonyowa, azamba akaone ngati yatuluka yonse ndi kuchuluka kwa magazi otayika.

Kuchipatala kuli jakisoni wa oxytocin wokungitsa chiberekero, diripu, tranexamic acid uja, amenenso kwa amayi amafunika mkati mwa maola 3, ndi magazi owonjezera. Zosisita mimbazi n'za mayi amene wachira kale. Woyembekezera akaona magazi, ochepa kapena ambiri, musamusisite, mugonekeni chakumanzere n'kupita naye.

Funso: Mwana wanga amatuluka kamfuno nthawi yotentha. Timamugoneka chagada n'kumuthira madzi pamutu. *Bambo, Salima*

Yankho: Chagada ayi, bambo, magazi amatsikira kukhosi, mwana amawameza n'kusanza. Akhale pansi, aweramire kutsogolo, mutsine mbali yofewa ya mphuno, kumunsi kwa fupa, mphindi 10 mpaka 15 osasiya, iye akupumira pakamwa. Pakatha mphindi 30 asakusiya, kapena akayamba pambuyo pomenyeka m'mutu, pitani kuchipatala. Ngati zikuchitika kawirikawiri, akamuyeze magazi.

Funso: Ndikufuna kusunga zipangizo m'minibasi yanga. Ndigule chiyani? *Dalaivala, Lilongwe*

Yankho: Sizifuna ndalama zambiri. Magolovesi mapeyala 4, mabandeji okulunga a masentimita 10 okwana 6, mabandeji otamuka 2, mapaketi a gozi (tinsalu tachipatala tophimbira bala), sizasi yolimba yodulira zovala, zitenje 2 zochapa ndi kusita zosungidwa m'jumbo, bulangete, tochi, cholembera chosafufutika, ndi chitsulo chachifupi chopotokolera. Mapadi a amayi osatsegula ndi abwinonso pokanikizira bala. Mukapeza tourniquet yopangidwa kale kusitolo yodalirika ya zachipatala, gulani, chifukwa imathina bwino kuposa yansalu; samalani ndi zotchipa zimene ndodo yake imathyoka. Zonsezi zikhale pamalo amene kondakitala akuwadziwa, osati pansi pa katundu. Sungani m'foni nambala ya ambulansi ya chipatala cha boma lililonse limene mumadutsa.

A Malawi Red Cross Society ndi a St John Ambulance amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo madalaivala a pa siteji imodzi mutha kupempha maphunzirowo ngati gulu. Podikira, yeserani pa thunthu la nthochi. Bowolani dzenje lakuya ngati chala, mulitsendere bandeji mpaka litadzaza, kenako mangani nsalu ndi chopotokolera kumtunda kwake, mnzanu akuwerenga nthawi. Bwerezani mpaka muzitha kumanga mphindi imodzi isanathe. Pa mkono wa mnzanu musayesere kuthinitsa mpaka mapeto.